Kabokosi ka M'mphako ya Mlambe



Loweruka lina m'nyengo yamwamvu, titangoweruka ku madrasa, mnyamata wina wa m'kalasi langa adatsalira pakhonde anzake onse atabalalika. Ndidadziwa kuti ali ndi nkhani poona m'mene ankapotokolera kofia yake m'manja.

"Amwalimu," adatero motsitsa mawu, "dzulo ndinaona azungu awiri akutulutsa chithumwa m'mphako ya mlambe uja wa kuseri kwa manda akale."

Ndidamuuza kuti akhale pansi afotokoze bwino, popeza nkhani ya chithumwa siyokamba uli chiimire. Iye adati alendowo, bambo ndi mayi, adatsika galimoto pamsewu nayamba kuyenda maso ali pa lamya ya m'manja, ngati anthu olondola mapazi a mbuzi yosowa. Atafika pa mlambewo adauzungulira kawiri, kenaka bamboyo adapisa dzanja m'mphako natulutsa kanthu. Adalemba mawu pa kapepala, adajambulana, nabwezera kanthuko m'malo mwake, basi ulendo uku akusekerera.

Itatha swala ya Asr tidapita konko anthu atatu: ine, mnyamatayo ndi mkulu wina wa pamzikiti pathu. Ndidati Bismillah n'kupisa dzanja. Ndisabise, mtima unkagunda, osati chifukwa cha chithumwa koma poganizira njoka. Chomwe chidatuluka chidali kabokosi ka pulasitiki konga komwe amayi amasungiramo mchere. M'kati mwake mudali kakope kolembamo maina, pensulo yaifupi, kagalimoto kachidole, ndalama yachitsulo ya dziko lina, ndi kapepala ka Chingerezi kopempha aliyense wokapeza mwangozi kuti asakataye, chifukwa ndi ka masewero otchedwa geocaching. M'kakopemo mudali maina a anthu ochokera ku maiko osiyanasiyana, aliyense atalemba tsiku lomwe adafika.

Chithumwa padalibe, ndipo tidaseka. Koma pobwerera mkulu uja adandigwira mkono nandilozera pansi. Kuchokera pamsewu kukafika pa mlambe padali kanjira katsopano, udzu utagona, ndipo kanjirako kadadula pangodya ya manda, pamwamba penipeni pa mitumbira iwiri yakale yomwe idatitimira. Njira yathu ya eni mudzi imalambalala mandawo. Kuseka kudathera pomwepo, ndipo ndicho chifukwa chake ndidayamba kufufuza za masewerowa kuti makolo anzanga muwadziwe.

Adayamba bwanji?

Ambiri a ife lero tili ndi lamya zomwe zimatilozera Qibla tikakhala paulendo ndi kutikumbutsa nthawi za swala. Lamyayo imadziwa pomwe taima chifukwa cha makina otchedwa GPS. Awa ndi masetilaiti oposa 24 a dziko la America omwe amazungulira dziko lapansi ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo iliyonse imatumiza uthenga wonena nthawi ndi pomwe ili. Lamya ikalandira uthenga wa masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imawerengetsa yokha n'kutulutsa manambala awiri osonyeza malo amenewo pa mapu a dziko lonse.

Makinawa adapangidwira asilikali, ndipo kwa zaka zingapo boma la America linkasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, kotero kuti munthu ankatha kuphonya malo ndi mamita 100, kutalika kwa bwalo la mpira. Pa 1 Meyi 2000 Pulezidenti Bill Clinton adalengeza kuti kusokonezako kwatha, ndipo kutacha pa 2 Meyi kuphonya kuja kudatsika kufika pa mamita 10 kapena 20 okha.

Tsiku lotsatira, pa 3 Meyi, katswiri wina wa makompyuta dzina lake Dave Ulmer adafuna kuyesa ngati zidali zoona. Adatenga ndowa yakuda ya pulasitiki, adaikamo mabuku, matepi a kanema, ndalama pang'ono, chitini cha nyemba, legeni ndi kope lolembamo, nakaikwirira mwatheka kutchire pafupi ndi Beavercreek m'chigawo cha Oregon. Manambala a malowo adawalengeza pa intaneti pamodzi ndi lamulo limodzi losavuta, loti wotengamo kanthu asiyemo kena. Pasanathe masiku atatu ndowayo idali itapezedwa kawiri. Dzina loti geocaching lidabwera kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo tanthauzo lake ndi kubisa zinthu penapake pa dziko, monga m'mene makolo athu ankabisira chakudya m'mapanga nthawi ya nkhondo. Pa 2 Sepitembala 2000 Jeremy Irish wa ku Seattle adatsegula tsamba la Geocaching.com lili ndi mabokosi 75 okha. Pofika 2010 mabokosi adakwana 1 miliyoni, ndipo mu 2017 adafika pa 3 miliyoni, m'maiko oposa 190.

Komatu mtima wofuna kubisa ndi kufunafuna sudayambe ndi masetilaiti. Ku Dartmoor, dera la zitunda ndi madambo ku England, munthu wina woperekeza alendo dzina lake James Perrott adasiya botolo pa malo ovuta kufikako otchedwa Cranmere Pool m'chaka cha 1854, kuti wofika kumeneko aziponyamo kakhadi ka dzina lake ngati umboni. Mwambo umenewo ulipobe mpaka lero. Ifenso tidakula ndi chibisalirano pa mwezi wowala, choncho tisawaseke kwambiri azunguwa.

Chimakoma n'chiyani?

Munthu angafunse kuti bambo wandevu, wa ntchito yake, amapezamo chiyani m'kuvutika ndi minga pofuna kabokosi komwe mulibe ngakhale ndalama yogulira sopo. Yankho lake n'lakuti chuma si kabokosiko ayi, koma ulendowo. Kawirikawiri wobisa amasankha malo omwe iye amawakonda: mathithi osadziwika, mlatho wakale, pamwamba pa phiri pooneka kutali. Pa tsamba lija amalembapo mbiri ya malowo, ndipo wofunafuna amatha kudziwa zinthu za m'boma lake lomwe zomwe akadangozidutsa pa galimoto moyo wake wonse. Mabanja a ku Ulaya ndi America, komwe ana amatha tsiku lonse ali m'nyumba maso pa kanema, apeza kuti iyi ndi njira yowatulutsira panja popanda kukokana. Mabokosi ena amafuna kuti uyambe wamasulira mwambi kapena samu kuti upeze manambala ake. Palinso tizitsulo tokhala ndi nambala tomwe timasamutsidwa kuchoka m'bokosi lina kupita lina, ndipo mwini wake amatsatira pa intaneti m'mene kakuwolokera nyanja ndi malire. Mu 2008 Richard Garriott adafika posiya bokosi lotere mu International Space Station, nyumba ya asayansi ija yozungulira dziko mumlengalenga.

Makolo ena andifunsa ngati imeneyi si njuga. Si njuga, pakuti palibe wobetcha ndalama ndipo palibe wolemera pa kuluza kwa mnzake. Wina adafunsanso ngati kabokosi kotere sikali m'gulu la luqata, katundu wotola, yemwe Shariya imatilamula kumulengeza chaka chathunthu tisanamugwiritse ntchito. Ayi, chifukwa luqata ndi chinthu chotayika, pomwe ichi mwini wake adachisiya dala ndipo adanena malire a chilolezo chake: tenga kamodzi, siya kamodzi. Wonyamula bokosi lonse kupita nalo kwawo wadya za mwini. Ndipo kuyenda m'dziko ndi maso otsegula, kuyang'ana zolengedwa ndi zotsalira za mibadwo yakale, ndi chinthu chomwe Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa mobwerezabwereza. Choncho ine sindikuona choipa m'masewerowa pa iwo okha.

Pomwe pagona vuto

Vuto lili pa kamuvi ka pa lamya. Kamuvi kameneka kamaloza molunjika. Sikadziwa munda wa munthu, sikadziwa chisa cha mbalame, sikadziwa manda. Kamangoti kwatsala mamita 80 chakumadzulo, ndipo munthu amene maso ake ali pa lamya amatsata. Munthu mmodzi akadutsa pa udzu palibe chooneka. Akadutsa makumi asanu, aliyense ndi mtima wabwino, pabadwa njira. Mvula ikabwera madzi atsata njirayo, ndipo mawa lake ndi ngalande. Osewera eni ake amazidziwa izi, ndipo amaseka kuti bokosi likakhalitsa silifunanso GPS, umangotsata pomwe udzu wagona.

Chachiwiri, GPS imakufikitsa pafupi chabe. Mamita otsalawo umafufuza ndi manja, ndipo apa ndi pomwe miyala imagubuduzidwa, makungwa amasendedwa, zitsa zovunda zimaphwanyidwa. Pansi pa mwala ndi m'mphako ya mtengo ndi kwawo kwa zolengedwa zina: abuluzi, njuchi, akadzidzi, mileme. Ku Britain kuli mipanda yakale ya miyala yongosanja popanda simenti, ina yakhala zaka mazana. Wina akabisa kabokosi m'mpanda wotere, ofunafuna amasolola miyala umodzi umodzi mpaka mpanda kugwa, n'chifukwa chake bungwe la osewera a kumeneko limaletsa kubisa m'mipandayi. Ku Dartmoor kuja, komwe kuli mizere ya miyala ndi manda a anthu omwe adakhalako zaka zikwi zapitazo, malamulo a osewera amaletsanso kuika bokosi m'zotsalira zakalezo kapena pafupi nazo.

Nkhani yomwe idandikhudza kwambiri ndi ya ku Germany, dziko limodzi mwa omwe masewerowa adafala zedi. Kumeneko osewera amakonda mapanga, migodi yosiyidwa ndi nyumba zapansi za nthawi ya nkhondo. Koma m'malo amenewa ndi momwe mileme imagona tulo tatitali nyengo yonse ya chisanu, ikukhalira mafuta omwe idasunga m'thupi. Munthu akalowa ndi tochi, kutentha kwa thupi lake ndi phokoso zimaudzutsa mleme, ndipo kudzuka kulikonse kumatha mafuta ambiri. Ukadzutsidwa kangapo umafa ndi njala chisanu chisanathe. Wolowayo amatuluka akusangalala, osadziwa kuti wapha. Lamulo la dzikolo loteteza zachilengedwe limaletsa kulowa m'malo ogona mileme kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 31 Malichi, ndipo osewera osamala amatseka mabokosi awo a m'mapanga miyezi imeneyo.

Ku America, oyang'anira mapaki aboma salola bokosi kuikidwa popanda chilolezo cha mkulu wa pakiyo. Mu 2005 aphungu a chigawo cha South Carolina adavomereza bilu yoletsa masewerowa m'manda ndi m'malo a mbiri yakale pokhapokha mwini malo atalola molemba, ngakhale biluyo idakathera m'nyumba yachiwiri ya malamulo osakhala lamulo. Tsamba la Geocaching.com nalonso lili ndi malamulo ake: bokosi lisakwiriridwe pansi (ngakhale ndowa yoyamba ija idakwiriridwa!), mabokosi atalikirane mamita 161, ndipo wobisa akhale ndi chilolezo cha mwini malo. Koma anthu odzipereka omwe amavomereza bokosi latsopano amayang'ana pa mapu ali kutali, ndipo pa nkhani ya chilolezo nthawi zambiri amangodalira mawu a wobisayo.

Pali ngozi inanso yomwe ife kuno sitingaitenge mopepuka. Mu Julayi 2011, m'tauni ya Wetherby ku England, munthu wina adaonedwa akubisa kabokosi pamsewu wa masitolo n'kuchoka mwakachetechete. Apolisi adatseka pakati pa tauniyo kwa maola angapo ndipo asilikali adakaphulitsa poganiza kuti ndi bomba. Kumeneko zidathera pa malonda osokonezeka. Kwathu kuno tikukumbukira chaka cha 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera, ena chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Mlendo wozungulirazungulira mtengo wa kumanda, chida chili m'manja, akuika moyo wake pachiswe popanda kudziwa. Mnyamata wanga uja akadakauza gulu la anyamata a kudoko m'malo mouza ine, sindikhulupirira kuti nkhaniyi ikadatha ndi kuseka.

Zomwe chipembedzo chathu chidatiphunzitsa kale

Kuteteza malo sichinthu chomwe tikuphunzira kwa azungu. Mtumiki Muhammad (SAW) adapatula Madina kukhala malo opatulika momwe mitengo yake sidulidwa ndipo nyama zake sizisakidwa. Adapatulanso dera la An-Naqi kukhala hima, malo otetezedwa odyetserako akavalo a Asilamu, ndipo Khalifa Umar (RA) adachita chimodzimodzi ndi dera la Ar-Rabadha. Tidaphunzitsidwa kuodira katatu pakhomo la munthu, ndi kubwerera ngati sitidaloledwe. Tidaloledwa kuyendera manda kuti tikumbukire imfa ndi kupemphera akufa athu, koma tidaletsedwa kukhala pa mtumbira kapena kuupondaponda. Ndipo paulendo wa ku Tabuk m'chaka cha 9 cha Hijra, Mtumiki (SAW) podutsa pa Al-Hijr, mabwinja a anthu a Thamud omwe lero ndi malo otetezedwa ndi UNESCO ku Saudi Arabia, adadziphimba kumutu nafulumiza ngamira yake, ndipo adachenjeza Maswahaba za mtima womwe ayenera kukhala nawo pamalo otero. Phunziro lomwe ine ndimatolapo ndi lakuti malo safanana. Pa mapu onse ndi manambala awiri, koma pena mpoyenera kuthamanga ndi kuseka, pena mpoyenera kutsitsa mawu.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, kuti tisaloze chala alendo okha. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zomwe UNESCO idaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Maina olembedwa ndi makala pamwamba pa zina mwa zojambulazo si a azungu. Mapepala a pulasitiki omwe adzadza m'mphepete mwa nyanja yathu, ngakhale kufupi ndi paki ya ku Cape Maclear yomwe idalowa pa mndandanda womwewo mu 1984, sadabwere ndi geocaching. Pa mfundo iyi osewerawa atiposa, chifukwa kuyambira 2002 ali ndi mwambo wotenga thumba popita kukafuna bokosi n'kubwerako atatola zinyalala, ndipo amakonza masiku apadera oyeretsa mapaki ndi magombe. Ife amene tidauzidwa kuti kuchotsa chopunthwitsa panjira ndi sadaka tikadayenera kukhala patsogolo.

Adapezanso njira yosewera popanda kusiya kanthu. Mu 2004, mogwirizana ndi bungwe la akatswiri a miyala la Geological Society of America, padayamba mtundu wotchedwa EarthCache. Pamenepa palibe bokosi. Manambala amakufikitsa pa thanthwe, pa kasupe kapena pa chigwa, ndipo umboni woti wafika ndi kuyankha mafunso a zomwe waona ndi maso ako. Palibe chogubuduza, palibe chopisa dzanja. Achinyamata athu amene ali ndi lamya zamakono ndipo akufuna kulawa masewerowa, ine ndingawalangize kuyambira pamenepa, atauza makolo komwe akupita, ali awiri kapena atatu, ndipo nthawi ya swala isawapeze ali pakati pa thengo alibe madzi a wudhu.

Kwa amfumu

M'mawa mwake ine ndi mkulu uja tidatenga kabokosiko kupita nako kwa amfumu. Adamvetsera mpaka kumapeto, akutembenuza kagalimoto kaja m'manja.

"Amwalimu," adatero, "mlendo sitithamangitsa, ndipo mlambewo aliyense akhoza kuuona. Koma safunsa adadya phula. Akadafika kuno tikadamuonetsa njira yolambalala, kapena tikadamupatsa mtengo wina wa kudoko. Mulembereni mwini wakeyo kuti kumeneko kwagona makolo athu."

Mphwanga wina yemwe amadziwa za intaneti adalipeza bokosilo pa tsamba lija, ndipo tidalembera mwini wake. Yankho lidabwera patapita masiku anayi. Adali mayi yemwe adagwirapo ntchito yothandiza anthu m'dera lathu zaka zingapo zapitazo nabwerera kwawo. Adapepesa kwambiri. Adati iye adangoona kankhalango kokongola pakati pa minda, popanda ziliza za simenti kapena chikwangwani, ndipo sadaganizeko kuti ndi manda. Apa ndidamumvetsa. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti mitengo ikasiyidwa yosadulidwa pakati pa minda ndiye kuti ndi kumanda, ndipo manda athu Asilamu sitiwakongoletsa. Koma chomwe ife timachidziwa tisanayambe sukulu sichidalembedwe pa mapu aliwonse. Tsiku lomwelo adalichotsa bokosilo pa tsambalo, natiuza kuti zomwe zidali m'katimo tipatse ana a madrasa.

Anyamata a pamzikiti adakatchinga kanjira kaja ndi nthambi za minga, ndipo tidakonza mitumbira iwiri ija. Mvula yoyamba itagwa udzu udayamba kumera.

Kabokosiko kali pa zenera la madrasa. Mnyamata uja adabwera kudzapempha kagalimoto, akuti ndiye adaona koyamba. Ndidamukumbutsa lamulo la eni masewero, kuti wotenga asiyemo kena. Adathamangira kwawo, nabwerako ndi mbedza ziwiri atazikulunga pa pepala la kope.